Kamera inalipo, koma uimbira ndani?

Tabuleti ya Nokia N800 inali ndi kamera yobisika. Chakumanzere kwake kunali kanthu kozungulira kooneka ngati batani, ukakadina kamera inkatulukira panja, pulogalamu yoimbira n'kudzitsekukira yokha pa sikirini. Kamerayo unkatha kuipotoza kuti iyang'ane iwe kapena iyang'ane kumene ukuyang'anako. Kunsi kunali kamwendo koimikira patebulo, kumaso masipika awiri. Kapangidwe kake kokhako kankaulula zimene mainjiniya a ku Finland ankalota: munthu aimike kachipangizoka patebulo, aimbire m'bale wake wakutali, aonane nkhope akucheza. Apa n'kuti mu Januwale 2007, pa chionetsero cha CES ku Las Vegas. iPhone inali isanayambe kugulitsidwa, ndipo iPad inali kudzabwera patatha zaka zitatu.

Amene anatulutsa madola pafupifupi 400 kugula N800 atafika nayo kunyumba anapeza kuti kamera ikugwiradi ntchito bwinobwino, koma woti aonane naye ndiye anali wosowa. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa zimene zinavuta nthawi imeneyo sizinathe mpaka lero, zangosintha maina.

Ambiri sitinazionepo zipangizozi, ndiye ndifotokoze kaye. Nokia inkazitcha Internet Tablet. Yoyamba inali Nokia 770, imene inalengezedwa mu Meyi 2005 n'kuyamba kugulitsidwa chakumapeto kwa chaka chomwecho. Inali yoti n'kulowa m'thumba la jekete, sikirini ya mainchesi anayi ndi pang'ono, ya madontho 800 m'litali ndi 480 m'lifupi, zomwe pa nthawiyo zinali zakuthwa kuposa mafoni ambiri. M'kati mwake munkayenda pulogalamu yoyendetsa chipangizo ya Linux, mtundu umene Nokia inauumba kuchokera ku Debian n'kuutcha Maemo. Chodabwitsa chinali chakuti kampani imene inkagulitsa mafoni ochuluka kuposa ina iliyonse padziko inapanga chinthu chopanda polowetsa simu khadi. Intaneti unkaipeza pa Wi-Fi, apo ayi kubwereka ya foni yako kudzera pa Bluetooth. Choncho kuimba kulikonse kunkayenera kudutsa pa intaneti, ndipo pulogalamu imene uli nayo ndiyo inkalamula anthu amene ungalankhule nawo.

Njira zinali zitatu, ndipo iliyonse inali ndi chilema chake.

Ya Nokia yeniyeni inkadutsa pa Google Talk. Google inatsegula pulogalamu yochezera imeneyi mu Ogasiti 2005 pogwiritsa ntchito ndondomeko yosabisa yotchedwa XMPP, kenako n'kuwonjezerapo mbali yonyamula mawu yotchedwa Jingle. Poti ndondomekoyi inali poyera, aliyense ankatha kulemba pulogalamu yake yolumikizana nayo osapempha chilolezo. Nokia inachita zomwezo. Mu 2006 inaika kuimba kwa mawu pa 770, ndipo pa N800 inawonjezera zithunzi. Ntchito yam'kati inagwiridwa pa zida zaulere monga GStreamer, Telepathy ndi Farsight, zimene kampani yaing'ono ya ku Cambridge yotchedwa Collabora inathandiza kwambiri kuzikonza. Kunena zoona inali ntchito yaukhondo. Koma pulogalamu ya Google Talk ya pa kompyuta inalibe kanema. Google inadzabweretsa kuonana nkhope mu Gmail mu Novembala 2008, N800 itatha pafupifupi zaka ziwiri pamsika. Ndiye mwini N800 akafuna video call, mnzake wa mbali inayo ankafunika akhalenso ndi tabuleti ya Nokia yomweyo. Nokia inayesa kutseka mpatawu ndi kapulogalamu koyeserera kotchedwa Nokia Internet Call Invitation, koti uitane munthu wa pa kompyuta kuti muonane, koma sikanakhalitse.

Njira yachiwiri inali SIP, ndondomeko imene makampani ambiri a mafoni a pa intaneti amagwiritsa ntchito mpaka lero. Pano dzina lodziwika linali Gizmo Project, ya Michael Robertson, bambo yemwe anayambitsanso MP3.com. Gizmo inkakondedwa ndi anthu odana ndi kutsekeredwa m'khola la kampani imodzi, ndipo inali ndi pulogalamu ya matabuleti a Nokia. Pamene N810 inkatuluka chakumapeto kwa 2007, yokhala ndi kiyibodi yosololoka ndi kamera yokhazikika kumaso, SIP inali italowa m'pulogalamu yoimbira ya Nokia yomwe. Vuto la SIP linali lakuti umafunika kudziwa zinthu: dzina la seva, manambala a madoko, zoti uchite rauta ya kunyumba ikakana. Agogo ako sukanawauza zimenezo pafoni.

Yachitatu ndiyo aliyense ankaifuna. Skype inayambika mu 2003 ndi Niklas Zennström wa ku Sweden ndi Janus Friis wa ku Denmark, pulogalamu yake italembedwa ndi anyamata a ku Estonia omwe anali atagwirapo kale ntchito pa Kazaa, pulogalamu yogawirana nyimbo ndi mafailo pa intaneti. Pofika 2007 inali ndi maakaunti oposa 200 miliyoni, ndipo pa makompyuta a Windows anthu anali akuonana nkhope kuyambira kumapeto kwa 2005. Skype itafika pa N800 mu Julayi 2007, eni matabuletiwa anasangalala, koma chisangalalocho chinali chatheka. Inabwera ndi mawu ndi mauthenga olemba basi. Kamera yotumphuka ija Skype sinkaidziwa n'komwe. N810 itabwera zinali chimodzimodzi.

Ndiye taonani mmene zinakhalira. Kumene kunali kanema kunalibe anthu, kumene kunali anthu kunalibe kanema. Zili ngati pa depoti: minibasi yatsopano, mipando yabwino, wailesi ikulira, koma ili mbee yopanda munthu, pamene pambali pake pali chiphapha chotsala anthu awiri kuti chinyamuke. Aliyense amadziwa imene akwere.

N'chifukwa chiyani Skype sinaike kanema pa matabuleti amenewa? Yankho limene limabwera msanga ndi lakuti zipangizozo zinali zofooka. Pali choona pamenepo, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ukamvetsa kulemera kwa kanema umamvetsanso zambiri zimene zimatichitikira lero tikamaimba.

Mawu ndi opepuka. Foni yapansi yakale inkanyamula mawu a munthu pa makilobiti 64 pa sekondi, ndipo Skype inkanena kuti makilobiti 30 ndi okwanira kuti mumvane. Chithunzi ndi nkhani ina. Kamera ya N800 inali ya madontho 640 ndi 480, kutanthauza madontho 307,200 pa chithunzi chimodzi. Kuti nkhope ioneke ikuyenda osati kudumphadumpha pamafunika zithunzi zosachepera 15 pa sekondi. Mukawerengera, zimenezo zosapanikizidwa zimadutsa mamegabiti 50 pa sekondi. Koma Skype inkalangiza makilobiti 300 okha pa video call wamba. Ndiye kuti chipangizo chimayenera kufinya zithunzizo kuposa ka 150, nthawi yomweyo zikujambulidwa, osachedwa.

Kafinyidwe kake n'kochenjera. Pulogalamu yofinyira, imene amisiri amaitcha codec, imatumiza chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo. Pakati pake imangotumiza zimene zasintha: pakamwa pasuntha, maso aphethira, koma khoma lakumbuyo lili pomwepo ndiye palibe chifukwa cholitumiziranso. N'chifukwa chake netiweki ikagwedera nkhope ya munthu imasanduka timabokosi tosokonekera kwa kanthawi kenako n'kuyera mwadzidzidzi. Zidutswa zina za kusinthako zatayika panjira, ndipo chipangizo chako chikudikira chithunzi chathunthu chotsatira. N'chifukwa chakenso munthu woyendayenda ndi tabuleti, kukuonetsa nyumba yonse ndi nkhuku zapabwalo, amaoneka moipa kuposa amene wakhala duu kutsogolo kwa khoma. Chilichonse chikamasintha nthawi imodzi palibe chosunga. Mdima nawonso umaononga, chifukwa kamera ikasowa kuwala imatulutsa timadontho tothwanimathwanima, ndipo codec imationa ngati zinthu zoyenda zofunika kutumiza.

Kufinya n'kolemera kuposa kumasula. Kuonera kanema wa YouTube ndi kumasula kokha, ndipo chipangizo chimatha kusungiratu masekondi angapo kutsogolo. Pa video call umafinya zako uku ukumasula za mnzako, popanda mpata wosungiratu. Bungwe la ITU, loona za matelefoni padziko lonse, limalangiza kuti mawu asamachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchoka pakamwa kufika kukhutu, apo ayi anthu amayamba kudulana mawu. Pamwamba pa zonsezi pali vuto la tabuleti lenileni: sipika ndi maikolofoni zili m'bokosi limodzi, motalikirana ndi khutu, choncho mawu a mnzako akatuluka pa sipika amalowanso pa maikolofoni n'kubwerera kwa iye. Chipangizo chimayenera kuwazindikira n'kuwafufuta. Ntchito yonseyi pa N800 inkagwera kachipu ka Texas Instruments kotchedwa OMAP2420, kothamanga pa 330 MHz, kokhala ndi mamegabaiti 128 a memori, kodya batire ya foni.

Komabe chipangizo chomwecho chinkakwanitsa video call ya Nokia. Apa ndi pamene yankho lakuti chinali chofooka limayamba kutsimphina. M'kachipu kaja munali mbali yothandizira ntchito za mawu ndi zithunzi, ndipo mainjiniya a Nokia ankadziwa kuigwiritsa ntchito. Skype inali ndi njira zakezake. Kanema wake pa nthawiyo ankafinyidwa ndi codec yotchedwa VP7 ya kampani ya On2, yozolowera mphamvu za kompyuta ya patebulo, ndipo ndondomeko yonse ya Skype inali chinsinsi. Kuti zitheke pa N800 pankafunika anthu a Skype eniake akhale pansi, alembe mwapadera za kachipangizo kamene ogula ake anali ochepa. Kumbukirani kuti ngakhale Skype ya Linux ya pa kompyuta inalandira kanema mochedwa, moyeserera mu Novembala 2007, zaka ziwiri pambuyo pa Windows. Ine ndimaona kuti nkhani inali ya masamu a bizinesi. Ogwiritsa Maemo anali anthu okonda kusula mapulogalamu, ena mwa iwo akanatha kuigwira ntchitoyo mwaulere usiku ataweruka. Koma chitseko chinali chokhoma, ndipo kiyi anali ndi mwini wake, amene pa nthawiyo anali eBay, itagula Skype mu 2005 pa madola 2.6 biliyoni.

Sindikufuna kuinyoza Skype mopitirira. Anthu sanaikonde pachabe. Pali vuto lina la mafoni a pa intaneti limene ogwiritsa ntchito saliona: zipangizo ziwiri zimene zili kuseri kwa marauta a m'nyumba zilibe adiresi yoonekera kunja, ndiye china sichingagogode pakhomo pa chinzake mwachindunji. Pali njira zozembera, monga STUN, imene imathandiza chipangizo kudziwa mmene chikuonekera kunja, ndipo zikakanika zonse mawuwo amadutsira pa kompyuta yachitatu yolandira n'kupatsira. Pa SIP zimenezi zinkavuta kawirikawiri. Foni inkalira, mnzako n'kuyankha, koma mmodzi yekha ndiye akumva. Skype inabweretsa luso la Kazaa lolumikiza makompyuta a anthu wamba okhaokha, ena mwa iwo n'kusandutsidwa malo odutsira otchedwa supernode, ndipo inkapyola pafupifupi paliponse. Unkangoika, kulemba dzina, basi yagwira. Njira imeneyi inali ndi ngozi zake, monga zinaonekera mu Ogasiti 2007 pamene Skype inazima kwa masiku pafupifupi awiri, komanso mu Disembala 2010 pamene ma supernode ambiri anagwa nthawi imodzi. Koma tsiku ndi tsiku inkagwira, ndipo munthu wamba amafuna zimenezo.

Ndiponso kukhala ndi ndondomeko yosabisa pakokha si mankhwala. Pa zaka zomwezo mafoni a 3G anali ndi video call yawoyawo yodutsa pa netiweki ya kampani ya foni, yogwirizana pakati pa mitundu yosiyana ya mafoni. Nokia 6680 ya mu 2005 inali kale ndi kamera yakumaso chifukwa cha zimenezi. Unkangoimba nambala ngati masiku onse. Koma zonse, mawu ndi chithunzi, zinkapanikizidwa m'makilobiti 64, nkhope ikuoneka mbuu pa kasikirini kakang'ono, ndipo mtengo pa mphindi unali wokwera. Anthu ambiri anayesa kamodzi n'kusiya. Kalekale kampani ya mafoni ya ku America ya AT&T inaonetsa foni yoonerana nkhope yotchedwa Picturephone pa chionetsero cha ku New York mu 1964, n'kuyamba kuigulitsa ku Pittsburgh mu 1970, koma inafa imfa yomweyo ya mtengo ndi kusowa woimbira.

Skype yoonana nkhope inafika pa Maemo mu Meyi 2010, kudzera m'kukonzanso kwa pulogalamu ya Nokia N900. Koma N900, imene inatuluka mu 2009, inali foni yolowa simu khadi, ya kachipu kamphamvu ka 600 MHz. Eni N800 ndi N810 anatsala pomwepo ndi makamera awo. Mu Febuluwale 2011 Nokia, motsogozedwa ndi Stephen Elop, inalengeza kuti ikutsata Windows Phone ya Microsoft, ndipo mzere wonse wa Maemo unayamba kufota. Mu Meyi chaka chomwecho Microsoft inalengeza kuti ikugula Skype pa madola 8.5 biliyoni, ndipo mu 2014 inatenganso gawo la mafoni la Nokia. Opanga kamera ndi opanga pulogalamu anapezeka pakhomo limodzi pamene tabuleti ija inali itaiwalika kale. Gizmo nayo inagulidwa ndi Google mu Novembala 2009 n'kutsekedwa mu Epulo 2011.

Pali kankhani ka mu 2010 kamene kamaonetsa bwino za kiyi uja. Kampani ya ku Israel yotchedwa Fring inali ndi pulogalamu yophatikiza ma netiweki angapo, ndipo inkalola anthu a pa mafoni kuonana nkhope ndi anthu a pa Skype, Skype yeniyo isanapereke zimenezo pa iPhone kapena Android. Mu Julayi 2010 mlatho umenewo unagumuka. Fring inati Skype yawatsekera, Skype inati Fring yaphwanya malamulo ogwiritsira ntchito ndipo yachotsa yokha. Kaya wolakwa anali ndani, wovutika anali munthu amene dzulo ankaonana ndi mkazi wake lero ayi. Skype inadzatulutsa kanema wake pa iPhone kumapeto kwa Disembala 2010, ndipo pa Android mu Juni 2011, poyamba pa mafoni anayi okha. Mndandandawo unkakula pang'onopang'ono, mtundu ndi mtundu, chifukwa foni kapena tabuleti iliyonse ya Android inali ndi kachipu kake ndi njira yake yofikira kamera yakumaso. Munthu ankagula tabuleti yokhala ndi makamera awiri, n'kupeza kuti dzina lake palibe pa mndandanda. Funso la eni N800 lija linkafunsidwanso ndi anthu atsopano.

Apple inalowa mwa njira yake. iPad yoyamba ya mu Epulo 2010 inalibe kamera ngakhale imodzi. Mu Juni chaka chomwecho Steve Jobs anaonetsa FaceTime, pulogalamu ya Apple yoonerana nkhope, pa iPhone 4, n'kulonjeza pagulu kuti aipereka kuti ikhale ndondomeko yosabisa yoti makampani onse azigwiritsa ntchito. Lonjezolo silinakwaniritsidwe. iPad 2 ya mu Malichi 2011 inabwera ndi kamera yakumaso ndi FaceTime, yogwira pa Wi-Fi pokha mpaka 2012. FaceTime inayenda bwino pa chifukwa chimene chinagwetsa N800 chomwecho, chitatembenuzidwa: nayonso inkafuna kuti mnzako akhale ndi chipangizo cha kampani yomweyo, koma zipangizo za Apple zinali m'manja mwa anthu mamiliyoni ochuluka. Kuyambira 2021 munthu wa Android angathe kulowa pa FaceTime ngati wa Apple wamutumizira linki, koma iye kuyambitsa sangathe.

(Kanthu kena kamene kamandiseketsa: kwa zaka zoposa khumi kamera yakumaso ya iPad inali kumbali yaifupi, pomwe pafupifupi aliyense poimba amaigoneka tabuletiyo cham'mbali. Zotsatira zake munthu ankaoneka ngati akuyang'ana kwina, kapena chala chake chatseka kamera. Apple inayamba kuisamutsira kumbali yaitali mu 2022. N800 ya mu 2007 inapangidwa yogona cham'mbali kuyambira pachiyambi, ndi kamwendo kake komwe.)

Chimene chimandiwawa pa mbiri yonseyi n'chakuti tabuleti ndicho chipangizo choyenera kwambiri kuonerana nkhope, koma nthawi zonse imalandira pomaliza. Foni ndi ya munthu mmodzi. Umaigwira m'manja, mkono umatopa, mnzako amaona mphuno yako ndi denga. Tabuleti umaitsamiritsa penapake, anthu anayi kapena asanu n'kukwana pa chithunzi, wokalamba wa maso ofooka n'kuona bwino nkhope ya mdzukulu, manja ali omasuka. Imfa ikachitika, kapena pokambirana za chinkhoswe wina ali kunja, anthu amafuna kulankhula ngati banja, osati kupatsirana foni mmodzimmodzi.

Koma pulogalamu imene inapambana kwathu kuno, ndi m'maiko ambiri, inamangidwa pa nambala ya foni. WhatsApp inabweretsa kuimba kwa mawu mu 2015 ndi video call mu Novembala 2016. Kupambana kwake kunachokera pa kuphweka: palibe dzina loti uloweze, palibe pasiwedi, aliyense amene nambala yake uli nayo wapezeka kale. Kwa munthu amene m'bale wake ali ku Joni kapena ku Leeds, zimenezi zinathetsa nkhani ya mayunitsi oimbira kunja. Koma nambala imodzi inkatanthauza chipangizo chimodzi. Ukaika WhatsApp pa tabuleti ndi nambala yako, ya pa foni inkatuluka. Ndiye anthu ankagula simu khadi yachiwiri ya tabuleti yokha, nambala imene achibale ayenera kuisunganso padera, ena n'kumaimbira yolakwika. Njira yolumikiza zipangizo zina zinayi pa nambala imodzi inayamba kuyesedwa mu 2021, matabuleti a Android n'kuilandira pambuyo pake. Nanga iPad? WhatsApp yakeyake inatuluka mu Meyi 2025, patatha zaka 15 chiyambire iPad. Palibe angandiuze kuti iPad inali yofooka. Ena mwa matabuleti amenewa ali ndi machipu ofanana ndi a malaputopu. Inali nkhani ya kampani kusankha chimene iyambe ndi chimene chidikire, monga zinalili ndi Skype mu 2007.

Mbali ya mphamvu ya zipangizo inathadi. Lero ngakhale tabuleti yotchipa ili ndi gawo la kachipu lofinya ndi kumasula kanema wa codec ya H.264 palokha, osatopetsa batire kwambiri. Google itagula On2 mu 2010 inamasula codec ya VP8 kuti ikhale yaulere, ndipo mu 2011 inatsegula WebRTC, imene imalola kuonana nkhope m'kati mwa browser popanda kuika pulogalamu ina. Chotsala kwa ife ndi bandulo. Titenge makilobiti 300 a Skype aja: ndi mamegabaiti awiri ndi kota pa mphindi kupita, ena otero kubwera, pamodzi anayi ndi theka. Kucheza kwa ola lathunthu kwadya mamegabaiti 270, ndipo mapulogalamu ena akaona netiweki ili bwino amakweza okha ubwino wa chithunzi n'kudya zoposa pamenepo. Tabuleti imaonjezera vutoli mwanjira ina, chifukwa chithunzi chimene chimaoneka bwino pa kasikirini ka foni chimaonetsa zilema zake chikatambasulidwa pa mainchesi khumi. Dziwaninso kuti netiweki zambiri zimapereka mpata waukulu wolandirira kuposa wotumizira. Mukamamuona bwino wa kunja koma iye akudandaula kuti mwaima njii, kawirikawiri vuto lili pa kutumiza kwanu, ndipo kuzimitsa kamera yanu yokha kumapulumutsa mawu.

Ndikamva munthu akufunsa kuti agule tabuleti iti yoti azilankhulira ndi ana ake akunja, ndimamufunsa kaye kuti anawo amagwiritsa ntchito pulogalamu yanji, ndipo ngati pulogalamuyo imagwira mokwanira pa tabuleti imene akuifunayo. Za kuchuluka kwa ma megapixel a kamera zimabwera pambuyo penipeni, chifukwa codec idzazifinya ndithu. Matabuleti ena otchipa amabwera ndi Android yakale imene mapulogalamu amasiya kuithandiza pakapita zaka zochepa, ndipo tsiku limenelo kamera imakhala ilipo, yabwinobwino, yopanda ntchito.

Skype inatsekedwa pa 5 Meyi 2025, Microsoft n'kuuza anthu kuti asamukire ku Teams. Amene anali ndi mndandanda wa abale ndi anzawo wa zaka makumi awiri analibe mwayi wopita nawo ku pulogalamu ya kampani ina n'kumaimbirabe otsalawo, chifukwa ma netiweki amenewa salankhulana. Pa foni wamba, wa TNM amaimbira wa Airtel, wa Airtel amaimbira wa Vodacom, ndipo palibe amadabwa. Pa imelo n'chimodzimodzi. Pa video call, wa WhatsApp sangaimbire wa FaceTime, wa FaceTime sangaimbire wa Viber, ngakhale kuti pansi pake ambiri amagwiritsa ntchito ma codec ndi njira zofanana.

Amene ayesa kukakamiza kusintha ndi a European Union. Lamulo lawo la Digital Markets Act limauza makampani akuluakulu amene asankhidwa kuti atsegule mapulogalamu awo a mauthenga kwa opikisana nawo akapempha. Meta, mwini wa WhatsApp ndi Messenger, inasankhidwa mu Seputembala 2023 pa mapulogalamu awiriwa. Lamuloli linaika zinthu m'magawo: kuyamba mauthenga a anthu awiri, magulu pakatha zaka ziwiri, kuimba kwa mawu ndi kwa kanema pakatha zaka zinayi, kutanthauza 2027. FaceTime mulibemo, ndipo iMessage, pulogalamu ya mauthenga ya Apple, anaiunika n'kuisiya mu Febuluwale 2024. Makampani ang'onoang'ono ayeneranso kufuna okha kulumikizidwa, ndi kuvomera mfundo za Meta zokhudza kubisa mauthenga. Ndipo zonsezi ndi za ogwiritsa ntchito a m'maiko a European Union okha. Britain inatulukamo mu 2020, choncho ngakhale m'bale wa ku Leeds uja lamuloli silikumukhudza, kuli bwanji ife a ku Lilongwe, Chipata kapena Tete.